MTEDZA WA KU MCHINJI NDI MANKHWALA ALI M'KATI MWAKE

(Nkhani yokambidwa pa wailesi, yosindikizidwa pano kuti amene sadaimve aiwerenge)



Masiku ano m'misika ndi m'mabasi mwachuluka anthu ogulitsa timabotolo ta mapiritsi ndi timapaketi ta ufa, nanena kuti m'menemo muli mphamvu zotengedwa m'zomera za kutali, zolimbitsa mtima, zotsuka magazi, ndi zobweza ukalamba. Ambiri a ife tagulapo, ndipo ena agulitsa mtedza wawo kuti apeze ndalama zogulira zimenezi. Tsono ine ndaganiza kuti lero tikambe mbiri ya mtedza womwewo, tione zimene anthu ophunzira akhala akupeza m'kati mwake pa zaka zoposa 100. M'kanjere kamodzi adapezamo chinthu chochiza, adapezamo china chimene chidangodyetsa anthu ndalama, ndipo adapezanso china chakupha. Munthu akadziwa zitatuzi sanyengedwa msanga ndi kabotolo.

Poyamba tidziwe kuti mtedza ndi mlendo m'dziko muno, ngakhale wakhalitsa kotero kuti tidaiwala za ulendo wake. Kwawo kwenikweni ndi ku South America, cha ku Bolivia, Paraguay ndi Argentina, ndipo adaubweretsa ku Africa ndi Apwitikizi a m'zombo m'zaka za m'ma 1500. Mbewu ya makolo athu yobereka pansi pa nthaka ndiyo nzama. Koma mtedza utafika udayanjana ndi nthaka ya ku chigawo chapakati kuno, nulanda malo. Azungu adamanga linga lawo pano mu 1898, atatha kumenyana ndi Angoni a Mpezeni, nalitcha Fort Manning potsata dzina la William Manning, msilikali amene pambuyo pake adakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 kufikira 1913. Dzina limenelo lidachoka dziko litalandira ufulu, koma mtedza udatsala, ndipo mpaka lero munthu akatchula Mchinji, Chalimbana wa njere zazikulu uja abwera m'maganizo. Ena a inu muti nsawa, a ku Zambia ati nshawa, mbewu yake ndi imodzimodzi.

Nanga muli chiyani m'menemo? Mukasenda mtedza wouma wolemera makilogalamu 4, pafupifupi makilogalamu 2 ndi mafuta, ndipo kilogalamu imodzi ndi chakudya chomanga thupi, chonga chimene tichipeza m'nyama ndi m'nsomba. Zimenezi amayi athu adazidziwa ndi lilime asanazilembe a sukulu, n'chifukwa chake nyama ikasowa iwo adasinja nsinjiro natendera nkhwani, chisoso kapena mfutso. Koma mulinso kanthu kena kakang'ono, kosaoneka ndi maso, kamene mbiri yake ili ya chisoni.

Mu 1912 dokotala wa Boma dzina lake Hugh Stannus adalemba za nthenda ina imene adaiona mwa akaidi a m'ndende yaikulu ya ku Zomba. Khungu lawo lidali kuda ndi kusweka ngati lapsa ndi moto, makamaka pamene pafika dzuwa, monga m'khosi, kunja kwa manja ndi pamwamba pa mapazi. M'kamwa mudali zilonda, m'mimba mudali kutsegula, ndipo ena mitu idali kusokonezeka. Nthendayi Azungu aitcha pelagra, ndipo idadziwika kale ku Spain mu 1735 ndi ku Italy, pakati pa amphawi odya chimanga tsiku ndi tsiku. Kwa zaka zambiri madokotala adatsutsana, ena ati ndi kachirombo kopatsirana, ena ati ndi chimanga chovunda. Ku America, kumene nthendayi idapha anthu zikwi zambiri m'zigawo zolima thonje, Boma lidatuma dokotala Joseph Goldberger mu 1914 kuti akafufuze. Iye adazindikira chinthu chimene ena onse adachilumpha: m'nyumba za ana amasiye ndi m'zipatala za amisala odwala adali osungidwawo, koma antchito owasamala, amene adali kuwakhudza tsiku lililonse, sadadwale. Kusiyana kwawo kudali m'mbale. Atawonjezera mkaka, mazira ndi nyama pa chakudya cha ana aja, nthenda idatha. Komabe dzina la chinthu chosowacho lidadziwika Goldberger atamwalira kale, mu 1937, pamene Conrad Elvehjem wa ku Wisconsin adachiritsa nacho agalu odwala nthenda yofanana nayo. Chinthucho ndi vitamini wotchedwa niacin.

Apa mvetsetsani, abale anga, pakuti nkhaniyi ikhudza nsima yathu. M'chimanga niacin alimo, koma ali womangika, kotero kuti mimba ya munthu siitha kummasula. Eni chimanga a ku Mexico adaphunzira kalekale kuchiphika ndi laimu kapena phulusa, ndipo potero adali kummasula osadziwa. Chimanga chidafika kwa ife koma nzeru imeneyo idatsala komweko. Ndiponso tikakonola, kuviika mphale ndi kugayitsa ufa woyera umene tiukonda, zambiri zabwino zipita ndi gaga kwa nkhumba. Tsono chimene chatiteteza ife zaka zonsezi ndi ndiwo, ndipo mwa ndiwo zonse za mmphawi palibe yoposa mtedza pa niacin. Mtedza wodzaza manja awiri uli ndi niacin wokwanira munthu wamkulu pafupifupi tsiku lathunthu.

Boma la Atsamunda lidayesa kuphunzira zimenezi. Mu 1938 ndi 1939 gulu lotsogozedwa ndi Dr. B. S. Platt lidakhala m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, kuyeza pa sikelo chakudya chimene mabanja adali kudya chaka chonse. Nkhondo yaikulu yachiwiri idasokoneza ntchitoyo, ndipo zolemba zake zidagona m'maofesi kufikira 1992 pamene zidasindikizidwa. Mayi mmodzi wa m'gulu lija, Jessie Williamson, ndiye adatulutsa buku la zomera zothandiza za m'dziko muno mu 1955, lokhala ndi maina ake a m'zinenero zathu, ndipo akatswiri alitsegulabe.

Koma phunziro lalikulu lidadza mu 1990, ndipo ambiri a inu muli kukumbukira nthawiyo. Nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira anthu pafupifupi 1,000,000 m'dziko muno, kuyambira ku Nsanje kufikira ku Dedza, ena ngakhale kuno ku Mchinji. Anthuwa adalibe minda. Adali kudya zimene alandira: ufa, nyemba, mafuta pang'ono ndi mtedza. Tsono kudachitika kuti mtedza udaleka kufika kwa miyezi ingapo. Ogawa chakudya sadaone choopsa, pakuti ufa udalipo ndipo mimba zidali kukhuta. Pakati pa February ndi October chaka chimenecho, anthu pafupifupi 18,000 mwa anthu 285,942 a m'malo amene adawerengedwa adagwidwa ndi pelagra, ndiko kuti munthu mmodzi mwa 16 alionse. Mliri wotere dziko lapansi lidali lisanauone chithere nkhondo yachiwiri. Amayi ndiwo adadwala koposa abambo. Madokotala atafufuza adapeza kuti amene adali ndi kadimba, kapena adali kudya mtedza kapena nsomba kawirikawiri, ambiri adapulumuka. Mliri udatha atagawa mapiritsi a vitamini, atabwezera mtedza, ndi atayamba kuthira niacin mu ufa pogaya.

Onani tsono kuti ine sinditsutsa mapiritsi onse iyayi. Pamenepo mapiritsi adapulumutsa anthu, chifukwa chosowa m'thupi chidadziwika ndi dzina, muyeso wake udadziwika, ndipo odwala adadziwika. Chimodzimodzi mapiritsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera alandira ku sikelo, ndi vitamini A wa ana. Zimenezo musazikane. Komanso musaiwale kuti chimene chidatsegulira mliri chitseko ndi kusowa kwa mtedza wodzaza dzanja.

Tibwere ku njala ya 2001 ndi 2002. Pa imeneyi Mchinji ali ndi malo ake m'mbiri, pakuti bungwe la Save the Children la ku Britain, lomwe lidali kugwira ntchito kuno ndi ku Salima, lidali m'gulu la oyamba kuchenjeza kumapeto kwa 2001 kuti zinthu zaipa, ndipo Boma lidalengeza za tsokalo mu February 2002. Ana otupa mapazi ndi nkhope, a tsitsi lofiirira losalala, adadzaza m'zipatala. Akuluakulu akale akaona mwana wotere adati ndi tsempho, nayamba kufunsa bambo kumene adayenda, ndipo mabanja ena adapasuka pa mlandu umene mwini wake adali njala. Machiritso a masiku amenewo adali mkaka wapadera wosungunula m'madzi. Mkakawo udali wabwino, koma udafuna madzi oyera ndi namwino woukonza maola angapo alionse, kotero mayi adayenera kugona m'chipatala ndi mwana wake milungu ingapo. Nanga ana ena kunyumba asamale ndani? Nanga kumunda apalire ndani? Amayi ambiri adali kuthawa mwana asanachire, ndipo ine sindiwaweruza. Ndiponso ana ofooka akaunjikana m'chipinda chimodzi apatsirana matenda.

Zaka zochepa m'mbuyo mwake, mu 1996, dokotala wa ku France dzina lake André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset, adaganiza zochotsa madzi m'machiritso aja ndi kuikamo mtedza wopera. Adasakaniza mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta, ndi mavitamini ndi michere yoyezedwa bwino. Popeza mulibe madzi, tizirombo sititha kuswana m'menemo, ndipo chakudyacho sichifuna kuphika kapena kusunga pozizira. Kapaketi kamodzi kalemera magalamu 92. Malo amodzi oyamba kumene adachiyesa mokwanira ndi kuno ku Malawi. Dr. Mark Manary wa ku St. Louis adayamba mu 2001 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kupatsa amayi chakudyachi kuti akadyetse ana kunyumba. Mu 2002 mabungwe a Valid International ndi Concern Worldwide adayamba njira yomweyo m'midzi ya ku Dowa. Kafukufuku wina wa ana oposa 1,000, wosindikizidwa mu 2005, adaonetsa kuti mwa ana 100 odyetsedwa kunyumba 79 adachira, pamene mwa ana 100 a machiritso akale adachira 46. Unduna wa Zaumoyo udalandira njirayi mu 2006, ndipo mu 2007 mabungwe a United Nations adailangiza kwa maiko onse.

Azungu adachitcha Plumpy'nut. Amayi a kuno atachilawa sadavutike kufuna dzina, adangoti chiponde, pakuti agogo awo adali kusinja mtedza wokazinga mu mtondo kufikira utuluke mafuta zaka zambiri dokotala wa ku France uja asanabadwe. Ine ndikaganiza zimenezi ndiseka pang'ono. Koma tinene zoona, chiponde cha kuchipatala si mtedza wokha. Mwana wonyentchera kwambiri simungamchize ndi chiponde cha mu mtondo, ameneyo mupite naye kuchipatala. Ndipo inu abambo amene mudya timapaketi ta mwana wodwala, kapena kukatigulitsa pa msika, dziwani kuti muli kumwa mankhwala a mwana wanu.

Tsopano timve za chinthu chachiwiri, chodyetsa ndalama chija. Zomera zonse zipanga mankhwala akeake m'masamba, m'makungwa ndi m'mizu, ndipo sizipangira ife iyayi, zipangira kudziteteza. Chomera sichitha kuthawa mbozi kapena chuku monga ithawira mbuzi fisi, tsono chimenya nkhondo ndi kuwawa, ndi fungo, ndi ululu. Ena a mankhwala otere atithandiza ndithu. Kwinini wa malungo adachokera ku khungwa la mtengo, ndipo kombe wa ku chigwa cha Shire, amene makolo adapaka ku mivi, adasanduka mankhwala a mtima ku Ulaya. Mtedza nawonso ukalasidwa ndi chuku upanga mankhwala ake, ndipo amodzi a iwo dzina lake ndi resveratrol. Adayamba kuwapeza ndi Michio Takaoka wa ku Japan mu 1939 m'mizu ya duwa lina, ndipo apezekanso m'makoko a mphesa.

Kwa zaka 50 palibe adasamala za resveratrol. Koma cha mu 1992 kudabuka nkhani yoti anthu a ku France sadwala mtima kwambiri ngakhale adya zonona, ndipo ena adati chinsinsi chili m'vinyo wofiira. Mu 2003 ndi 2006 akatswiri a ku Harvard adalengeza kuti resveratrol adatalikitsa moyo wa yisiti ndi wa mbewa zonenepa. Pamenepo dziko lidapenga. Mapiritsi ake adadzaza m'masitolo, ndipo mu 2008 kampani yaikulu ya GlaxoSmithKline idagula kampani yaing'ono ya Sirtris, yofufuza za mankhwalawa, pa mtengo wa madola 720 miliyoni. Pofika 2010 idaleka kuyesa mankhwala ake a resveratrol pa odwala, ndipo mu 2013 idatseka ofesi ya Sirtris. Mu 2014 kudatuluka zotsatira za nkhalamba 783 za ku Chianti m'dziko la Italy, kwawo kwa vinyo, zimene adazitsata zaka 9. Amene adali ndi resveratrol wambiri m'thupi sadakhale moyo wautali kuposa anzawo, ndipo mtima ndi khansa zidawagwira chimodzimodzi. Munthu si mbewa.

Wina akadzakuuzani kuti mtedza ndi wabwino chifukwa cha resveratrol, mumuuze kuti ali ochepa kwambiri m'menemo, kotero kuti pofuna kufika pa muyeso wa piritsi limodzi la mamiligalamu 250 muyenera kudya matumba oposa awiri a mtedza wouma. Ubwino wa mtedza uli pa zina zija tanena kale. Ndipo nthawi zina kuchotsa chinthu m'chomera ndi kuchiunjika m'piritsi kubweretsa tsoka. Chimene chipatsa maungu, mango ndi mbatata yofiira m'kati maonekedwe ake ndi beta-carotene, ndipo m'chakudya ndi chabwino, thupi lichisandutsa vitamini A. Koma ku Finland adapatsa mapiritsi ake kwa amuna osuta fodya pa kafukufuku wa anthu 29,000, poyembekeza kuti awateteza ku khansa ya m'mapapo. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansayo idachuluka ndi 18 pa 100 mwa amene adamwa mapiritsiwo. Ife a m'dziko lolima fodya tiyenera kuimva bwino nkhani imeneyi.

Chotsala ndi chachitatu, ndipo ndicho chandikhalitsa pano madzulo ano. Ndanena kuti mtedza ulimbana ndi chuku. Nthawi zambiri chuku ndiye apambana.

Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England m'miyezi yochepa, ndipo popeza palibe adadziwa chifukwa chake, nthendayo adaitcha X. Pofufuza adapeza kuti zonse zidadya chakudya chosakaniza ndi zotsalira za mtedza wochokera ku Brazil, ndipo m'mtedzamo mudali chuku wa mtundu wotchedwa Aspergillus flavus. Ululu umene chukuyu atulutsa adaupatsa dzina loti aflatoxin. Ululu umenewu supangidwa ndi mtedza, upangidwa ndi chuku, amene akhala m'nthaka yathu yomweyi nalowa m'mtedza ndi m'chimanga. Alowa mbewu ikafooka ndi ng'amba kumapeto kwa dzinja, alowa chiswe chikaboola makoko kapena khasu likatema pokumba, ndipo aswana koposa mtedza ukasungidwa usanaume.

Ululu wake ugwira chiwindi. Munthu akadya wambiri nthawi imodzi, maso achita chikasu, mimba itupa, ndipo atha kufa. Ku Kenya mu 2004 anthu 317 adadwala chifukwa cha chimanga chachuku, ndipo 125 adamwalira. Koma choopsa chenicheni kwa ife ndi kudya pang'onopang'ono zaka zambiri, pakuti aflatoxin ali m'gulu la zinthu zodziwika ndithu kuti ziyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ngoziyo ikula kwambiri mwa munthu amene ali kale ndi kachirombo ka hepatitis B. Ku Benin ndi ku Togo mu 2002 adapezanso kuti ana okhala ndi ululu wambiri m'magazi ndiwo adali opinimbira koposa anzawo. Ululuwu ulowa ndi mu mkaka wa m'mawere. Kukazinga kapena kuphika sikuuchotsa wonse, ndipo mtedza utha kukhala nawo ngakhale uoneke bwino.

Nkhani imeneyi idagunda matumba a alimi a ku Mchinji isanagunde maganizo athu. M'zaka za Farmers Marketing Board ndi za ADMARC, imene idalowa m'malo mwake mu 1971, Chalimbana adali kupita ku Ulaya ndi matani zikwi zambiri chaka ndi chaka, ndipo Azungu adamkonda chifukwa cha kukula ndi kukoma kwake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 malonda amenewo adagwa. Zifukwa zidali zingapo, mitengo, matenda a mbewu ndi kusintha kwa misika, koma chimene chidatseka chitseko zolimba ndi malamulo a ku Ulaya a aflatoxin. Muyeso umene adaika wa mtedza wodya anthu ndi magawo 4 mwa magawo 1,000,000,000. Kuti mumvetse, yerekezani kasupuni ka tiyi kosadzaza ka mchere komwazidwa m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Ukapyola pamenepo, katundu yense abwezedwa.

Amene adatsegulanso chitsekocho ndi alimi a kuno. Bungwe lawo la MASFA, lomwe lili pansi pa NASFAM, lidagwirizana ndi akatswiri a ICRISAT a ku Chitedze, amene adayamba ntchito ya mtedza kumeneko mu 1982 ndipo ndiwo adatipatsa mbewu za CG7 ndi Nsinjiro. Adaphunzira kuumitsa bwino, kusankha njere ndi manja, ndi kuyeza ululu katundu asananyamuke. Mu 2004 MASFA idalandira chizindikiro cha Fairtrade, ndipo mtedza wa ku Mchinji udaonekanso m'masitolo a ku Britain. Opanga chiponde cha kuchipatala nawonso afuna mtedza woyezedwa chomwecho, pakuti simungapatse mwana wodwala ululu m'dzina la mankhwala. Imeneyo ndi ntchito yonyaditsa, ndipo adaigwira kwambiri ndi amayi okhala pamphasa ndi lichero pamiyendo.

Koma funso langa nali. Amayi aja akasankha, njere zabwino zipita m'thumba la malonda. Nanga zofota, zoswekasweka, zakuda ndi zoŵaŵa zija zipita kuti? Inu mudziwa, inenso ndidziwa. Ndidaima tsiku lina pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe, ndipo ndidaona mulu wa mtedza wotere uli kugulitsidwa motsika mtengo. Nditafunsa wogula mmodzi kuti akachita nawo chiyani, adandiyankha mosabisa kuti ndi wa nsinjiro, pakuti ukasinjidwa palibe auzindikira. Nsinjiro imeneyo ndiyo ilowa m'phala la mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, amene alangizi a zaumoyo adauza mayi wake, ndipo adamuuza zoona, kuti azithira nsinjiro m'phala. Chomwecho kusankha kumene kuteteza mwana wa ku London kuunjikira ululu m'mbale ya mwana wa ku Kamwendo. Mayiyo sadalakwe, iye asamala chakudya kuti chisatayike monga adaphunzitsidwa. Koma njere zochepa zoipa ndizo zisenza ululu wambiri wa thumba lonse, ndipo tikazipatula n'kuzidya tokha, tadya choipa chonse cha munda wathu.

Palinso chizolowezi china chimene ndipempha kuti chithe. Pofuna kuti makoko afewe posenda, ambiri awaza madzi pa mtedza nauphimba usiku, ndipo ena atero kuti ulemere pa sikelo ya venda. Zala zipumula ndithu, koma chuku safuna china koposa chinyontho ndi kutentha kotero. Mtedza umene udatuluka m'munda wabwino uipira pakhonde.

Tsono nyengo yokolola ikafika, kumbani mtedza utangokhwima, musauchedwetse m'nthaka. Musauunjike pansi pa dothi. Uyanikeni mizu ndi makoko zili m'mwamba, kapena muumange milu yokhala ndi mpata pakati kuti mphepo ipite, monga alangizi aonetsera, kufikira njere zilire m'makoko mukagwedeza. Sungani wosasenda, pouma, matumba atakhala pa mitengo osagunda pansi kapena khoma, ndipo sendani wokwanira kudya kapena kugulitsa nthawi imeneyo. Posankha, sankhani kawiri, thumba la malonda ndi dengu la pakhomo, ndipo dengu la pakhomo liyambe ndilo kudzaza ndi njere zabwino. Zofota ndi zachuku zikwirireni m'dzenje. Musapatse nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka, pakuti nkhuku zidwala nazo monga nkhukundembo zija za ku England, ndipo ng'ombe ibweza ululuwo mu mkaka.

Nthawi yathu yatha. Sabata yamawa pa nthawi yomweyino tidzakamba za soya ndi Likuni Phala, ndi chifukwa chake soya afunika kumkazinga kapena kumuwiritsa asanapite kuchigayo.